Mmene loya wa kampani angayendetsere ntchito yopereka zikalata pa mlandu ku America

Pa milandu imene makampani amasumirana m'makhothi a feduro ku America, ntchito yaikulu sichitikira pamaso pa woweruza, koma m'miyezi yambiri imene mbali ziwirizo zimakhala zikupatsana zikalata, maimelo, mauthenga a pafoni ndi china chilichonse cholembedwa chimene chikukhudza mkanganowo. Gawo limeneli amalitcha discovery, ndipo limayendera malamulo a Federal Rules of Civil Procedure, makamaka lamulo 26, 34 ndi 37. Mbali iliyonse iyenera kupereka ngakhale zikalata zimene zingathe kuigwetsa pa mlandu, malinga ngati mbali inayo yazipempha moyenera. Amene anaphunzira zamalamulo ku Malawi kapena ku Zambia sadzadabwa ndi mfundo imeneyi, pakuti udindo woulula zikalata ulimonso m'malamulo amene mayikowa anatengera ku England, ngakhale kuti zimene zimapemphedwa ku America zimakhala zochuluka koposa.

Udindo wanu monga loya ndi wolemera chifukwa zikalatazo si zanu, simudziwa kumene zonse zili, ndipo amene akuzidziwa bwino nthawi zina ndi anthu omwewo amene sangakonde kuti zioneke, komabe dzina limene lidzasainidwe pansi pa mayankho opita ku mbali inayo ndi lanu. Kampani ikakuuzani kuti yapereka zonse, mawuwo muwalandire mwaulemu, koma musawatenge ngati umboni mpaka mutakadzionera nokha.

Choyamba ndi kuimitsa kufufuta, ndipo nthawi yake imafika msanga kuposa mmene akuluakulu a makampani ambiri amaganizira. Udindo wosunga umboni sudikira kuti masamoni afike. Umayamba pamene munthu woganiza bwino angaone kuti mlandu ukubwera, monga pamene kalata yoopseza kusuma yalandiridwa, pamene ngozi yaikulu yachitika, kapena pamene kampaniyo payokha yayamba kukonzekera kusumira wina. Mfundoyi inamveketsedwa bwino pa mlandu wa Zubulake v. UBS Warburg ku New York, pamene woweruza Shira Scheindlin analemba zigamulo zingapo m'zaka za 2003 ndi 2004. Mayi amene ankagwira ntchito kubanki ya UBS Warburg anadandaula kuti ankasalidwa chifukwa chakuti ndi mkazi, ndipo dandaulo lake analipereka ku EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pantchito, mu Ogasiti 2001, koma woweruzayo anapeza kuti udindo wosunga maimelo unali utayamba kale mu Epulo chaka chomwecho, chifukwa pofika nthawi imeneyo anthu amene nkhaniyo inkawakhudza ankayembekezera kale kuti asumiridwa. Choncho tsiku lomwelo limene mwapatsidwa mlandu, funsani kuti anthu a m'kampanimo anayamba liti kunong'onezana za kukhothi, ndipo yankho lake mulilembe.

Kenako tumizani kalata yolamula kuti chilichonse chokhudza nkhaniyo chisungidwe, imene amaitcha litigation hold. Ilembedwe m'mawu amene injiniya, wamalonda ndi kalaliki angamve osafunsa wina, itchule nkhani yake, zaka zimene zikukhudzidwa ndi mitundu ya zinthu zofunika kusunga, kuphatikizapo mapepala a m'madirowa, mafoni a anthu eni ake ngati amawagwiritsa ntchito pa zakampani, ndi mauthenga a pa WhatsApp, Slack kapena Teams. Aliyense woilandira asonyeze kuti waiwerenga. Koma kalata yokha siikwanira, ndipo apa ndi pamene chigamulo cha mu Julayi 2004 pa mlandu wa Zubulake chinatsindika kwambiri: maloya a bankiyo anali atauza antchito kuti asunge maimelo, koma ena anafufutabe ndipo ena anasunga osapereka, moti woweruzayo ananena kuti loya ayenera kubwereza lamulolo nthawi ndi nthawi, kulankhula yekha ndi anthu ofunika kwambiri pa mlanduwo, ndi kuonetsetsa kuti matepi osungirapo zakale aikidwa pabwino. Analola kuti a jury, anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlandu, auzidwe kuti angathe kuganiza kuti maimelo otayikawo akanaipitsa mbali ya bankiyo, ndipo mu 2005 a jurywo anagamula kuti mayiyo alandire madola oposa 29 miliyoni.

Pitani nokha kwa oyang'anira makompyuta a kampani ndipo muwafunse chimene chimafufutika chokha ndi kuti chimafufutika pakapita masiku angati, zimene zimachitika ndi laputopu ya munthu amene wasiya ntchito, ndiponso ngati pali ndondomeko yosintha mafoni kapena kusamutsa maimelo m'miyezi ikubwerayo. Zofufutika zokha ndi zimene zikugwetsa makampani ambiri masiku ano. Mu Malichi 2023 woweruza James Donato wa ku California anapeza kuti Google sinachite zokwanira kusunga mauthenga amene antchito ake ankalemberana, amene ankafufutika okha pakapita maola 24 pokhapokha wantchito mwini wake atasintha batani lake. Kusiyira wantchito aliyense kuti asankhe zimene zisungidwe ndi kumene khothilo linakana.

Chenjezo lina likukhudza mawu anu enieni. Mlandu ukayamba kununkhira, musakumbutse antchito za ndondomeko ya kampani yowonongera zikalata zakale, ngakhale ndondomekoyo ikhale yovomerezeka pa nthawi wamba. Mu Okutobala 2001, pamene nkhani ya chinyengo cha ndalama ku kampani ya Enron inkayamba kuphulika, loya wa m'kampani ya Arthur Andersen, imene inkawerengera ndalama za Enron, anatumiza imelo yokumbutsa za ndondomeko yotereyi, antchito anayamba kung'amba zikalata zambirimbiri, ndipo mu 2002 kampaniyo inapezeka yolakwa pa mlandu wosokoneza chilungamo. Khothi la Supreme linathetsa chigamulocho mu 2005 chifukwa cha malangizo olakwika amene a jury anapatsidwa, koma pofika nthawiyo kampaniyo inali itagwa kale. Lamulo la Sarbanes-Oxley la mu 2002 linaika chilango chofika zaka 20 m'ndende kwa wowononga kapena kusintha zikalata ndi cholinga cholepheretsa kafukufuku wa boma la feduro.

Mukatseka mpata wofufuta, yambani kufufuza kumene zikalata zili, ndipo njira yake ndi kukhala pansi ndi anthu mmodzimmodzi. Afunseni kumene amasunga ntchito yawo, amene ankalemberana naye pa nkhaniyo, mayina achidule amene ankagwiritsa ntchito potchula ntchitoyo kapena katunduyo, ndi wina amene akuganiza kuti akudziwa zambiri, chifukwa mndandanda umene akuluakulu a kampani anakupatsani kawirikawiri umasiya anthu apansi amene ankagwira ntchito yeniyeniyo. Musanayambe kucheza ndi wantchito aliyense, muuzeni momveka kuti inu mukuimira kampani osati iyeyo, kuti zimene akuuzeni ndi zachinsinsi koma mwini chinsinsicho ndi kampani, ndiponso kuti kampani ikhoza kusankha kuziulula osamufunsa. Chenjezo limeneli limatchedwa ndi dzina la mlandu wa Upjohn v. United States wa mu 1981, pamene Khothi la Supreme linavomereza kuti zokambirana za loya wa kampani ndi antchito, ngakhale amene si mabwana, zikhoza kutetezedwa. Mukalidumpha, wantchito akhoza kudzanena kuti ankakhulupirira kuti ndinu loya wake, ndipo inu mukhoza kuchotsedwa pa mlanduwo.

Musalole kuti munthu amene khalidwe lake ndi limene likufunsidwa pa mlandu asankhe yekha maimelo oyenera kuperekedwa. Sikuti aliyense ndi wachinyengo, koma munthu sadziwa mmene lamulo limayezera kuti chikalata chikukhudza mlandu, ndipo imelo imene imamuchititsa manyazi amaiona ngati yosafunika. Zikalata zitengedwe ndi akatswiri a makompyuta m'njira yosasintha masiku ake ndi mbiri yake yobisika, imene amaitcha metadata, ndipo kusankha kuchitike m'manja mwa maloya.

Mlandu umene loya aliyense wogwira ntchito imeneyi ayenera kuudziwa bwino ndi wa Qualcomm v. Broadcom wa ku San Diego. Qualcomm inasumira Broadcom mu 2005 ponena kuti ikugwiritsa ntchito luso lake lotetezedwa lochepetsera kukula kwa mavidiyo. Broadcom inayankha kuti Qualcomm inatenga nawo mbali m'gulu la akatswiri lotchedwa Joint Video Team, limene linkakonza muyezo wa mavidiyo wotchedwa H.264, koma sinaulule kuti ili ndi umwini wa luso lokhudza muyezowo, ndipo potero inataya ufulu wosumira ena. Qualcomm inakana kwamtuwagalu kuti inalimo m'gululo pa nthawi imene muyezowo unkakonzedwa, ndipo mboni zake zinalumbira chimodzimodzi. Mlandu uli m'kati mu Januwale 2007, loya wina pokonzekeretsa mboni anapeza maimelo 21 pa laputopu ya mboniyo osonyeza kuti inkalandira mauthenga okhudza ntchito ya gululo. Maloya a Qualcomm anaganiza kuti maimelowo sali m'gulu la zimene zinapemphedwa, sanawapereke, ndipo sanapite kukafufuza ngati pali ena. Nkhaniyo inatulukira pamene loya wa Broadcom ankafunsa mboniyo, ndipo atafufuza bwino pambuyo pake panapezeka zikalata zoposa 46,000 zimene sizinaperekedwe.

Mu Januwale 2008 woweruza Barbara Major analamula Qualcomm kulipira madola oposa 8.5 miliyoni ndipo anatumiza mayina a maloya 6 ku bungwe loona za khalidwe la maloya ku California. Zoona, mu Epulo 2010 woweruza yemweyo anaganiza zosawalanga maloyawo atapeza kuti sanachite mwadala, koma zimenezi zinadza patapita zaka ziwiri mayina awo ali m'kamwa mwa anthu, ndipo zimene anapeza pomaliza ndi zimene zili zothandiza kwa ife: palibe loya amene anakhala pansi ndi mainjiniya pachiyambi kuti awafotokozere zimene zikufunika, maloya akunja sanadziwe mmene makompyuta a kampaniyo anakonzedwera, ndipo palibe mmodzi amene anasenza udindo wotsimikiza kuti kufufuza kwachitikadi, chifukwa aliyense ankaganiza kuti mnzake wachita. Ngakhale makompyuta a mboni zimene kampani inasankha kuti ziiyankhulire anali asanafufuzidwe. Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu sichinali kuphonya zikalata pachiyambi, pakuti zimenezo zimachitika pa mlandu waukulu uliwonse, koma kupeza maimelo 21 otsutsana ndi zimene kampani yakhala ikunena, n'kusafunsa kuti kodi ena ali kuti. Chikalata chimodzi chikasemphana ndi nkhani imene kasitomala wakuuzani, imani, ndipo mufufuzenso kuchokera pamenepo.

Zonsezi zimamangirira pa lamulo 26(g), limene limafuna kuti pempho lililonse, yankho lililonse ndi kukana kulikonse kusainidwe ndi loya m'dzina lake. Posaina mumakhala mukutsimikiza kuti mwafufuza mokwanira monga mmene loya wosamala angachitire, ndipo ngati chitsimikizocho chaphwanya lamulo popanda chifukwa chomveka, khothi limalamulidwa kupereka chilango, chimene chingagwere wosainayo, kampani, kapena onse awiri. Lamuloli silifuna kuti mukhale wosalakwitsa, koma limafuna kuti mukafunsidwa muthe kufotokoza amene munalankhula naye, malo amene munafufuza, mawu amene munagwiritsa ntchito pofufuza ndi chifukwa chimene munasiyira malo ena. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi kaundula wa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, wolembedwa pa nthawi yomwe zinthu zikuchitika osati wokumbukira pambuyo.

Msonkhano umene lamulo 26(f) limafuna kuti maloya a mbali zonse achite mlandu ukangoyamba musautenge ngati mwambo chabe. Pitani mukudziwa kale anthu amene ali ndi zikalata, kuchuluka kwake ndi mtengo wozitulutsira, kuti mugwirizane za zaka zofufuza, mtundu wa mafayilo ndi njira yofufuzira. Kuyambira pa 1 Disembala 2015, lamulo 26(b)(1) limanena kuti zopemphedwa ziyenera kulingana ndi kukula kwa mlandu, potengera kufunika kwa nkhaniyo, ndalama zimene zikukanganidwa, chuma cha mbali zonse ndi ngati phindu lake likuposa vuto lozipezera. Ichi ndi chida chabwino kwa kampani imene yapemphedwa zochuluka mopitirira, koma woweruza amafuna manambala, monga maola ndi ndalama zimene ntchitoyo idzadye, osati kungodandaula kuti ndi yolemetsa. Pempho la pansi pa lamulo 34 limayankhidwa m'masiku 30, ndipo mukakana mbali ina muyenera kutchula chifukwa chenicheni ndi kunena ngati pali zikalata zimene mukuzisunga chifukwa cha kukanako. Zikalata zikakhala mamiliyoni, makhothi amalola kugwiritsa ntchito mapulogalamu amene amaphunzira kusankha kuchokera pa zitsanzo zimene maloya awerenga, monga mmene woweruza Andrew Peck anavomerezera mu 2012 pa mlandu wa Da Silva Moore, koma muyenera kutapa zina mwa zimene pulogalamuyo yataya ndi kuziwerenga kuti muone ngati sikutaya zofunika.

Pamene mukusamala kuti musabise zoyenera kupereka, samalaninso kuti musapereke zoyenera kusunga. Makalata a pakati pa loya ndi kasitomala ofunsira kapena kuperekera malangizo a zamalamulo ndi otetezedwa, chimodzimodzinso zimene loya wakonza pokonzekera mlandu, monga mmene mlandu wa Hickman v. Taylor unakhazikitsira mu 1947. Koma kungoika dzina la loya wa kampani pa imelo yokamba za malonda sikuisandutsa yachinsinsi, ndipo malangizo amene anafunsidwa pofuna kuchita chinyengo alibe chitetezo. Chilichonse chimene mwasunga pa chifukwa chimenechi chiyenera kulembedwa pa mndandanda wofotokoza mokwanira kuti mbali inayo ithe kutsutsa ngati ikufuna. Pa mlandu wa Victor Stanley v. Creative Pipe ku Maryland mu 2008, mbali ina inapereka mwangozi zikalata 165 zachinsinsi, ndipo woweruza Paul Grimm anagamula kuti chitetezo chake chatha, chifukwa maloya ake analephera kufotokoza mmene anasankhira mawu ofufuzira, sanayese ngati njirayo ikugwira, ndiponso anali atasiya okha pempho lawo la mgwirizano wobwezerana zikalata zotuluka mwangozi. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo 502 la Federal Rules of Evidence, ndipo ndime yake ya 502(d) imalola woweruza kulamula kuti chikalata chachinsinsi chikatuluka pa mlanduwo chitetezo chake chisathe, kaya pa mlandu womwewo kapena wina uliwonse m'makhothi a feduro ndi a m'zigawo. Pemphani lamulo limeneli musanapereke tsamba ngakhale limodzi. Sindiona chifukwa chimene loya wa kampani angalisiyire. Inunso mukalandira chikalata chimene chikuoneka kuti chatumizidwa mwangozi, dziwitsani wotumizayo msanga, ndipo akanena kuti ndi chachinsinsi musachigwiritse ntchito mpaka khothi litagamula.

Zikapezeka kuti zina zinatayika kale, musabise ndipo musataye mtima. Lamulo 37(e), lokhudza zosungidwa pa makompyuta ndi mafoni, monga linakonzedwera mu 2015, limayamba ndi kufunsa ngati kampani inachita zoyenera kuti isunge, ndiponso ngati zotayikazo zingapezeke kwina, monga kwa amene analandira imeloyo. Ngati mbali inayo yapwetekeka, khothi limapereka chithandizo chongokwanira kukonza vutolo. Zilango zoopsa, monga kuuza a jury kuti aganize kuti zotayikazo zinali zoipa kapena kuthetseratu mlandu mokomera mbali inayo, zimaperekedwa pokhapokha khothi litapeza kuti panali cholinga chomana mnzawo umboniwo. Kampani imene yaulula msanga ndi kuyesetsa kubwezeretsa imakhala pabwino kwambiri kuposa imene yagwidwa ikubisa, pakuti kubisako ndi kumene woweruza amakuona ngati chizindikiro cha cholinga choipa.

Chovuta koposa ndi pamene mwapeza chikalata choipa mochedwa, mayankho atapita kale, ndipo mkulu wa kampani akukupemphani kuti mungokhala chete. Lamulo 26(e) limafuna kuti yankho losakwanira kapena lolakwika likonzedwe m'nthawi yake, ndipo malamulo a khalidwe la maloya amene zigawo zambiri zinatengera ku American Bar Association amaletsa kubisa umboni kapena kuthandiza wina kuubisa. Kumbukirani kuti kasitomala wanu ndi kampani, osati bwana amene mukulankhula nayeyo. Mufotokozereni zimene lamulo likufuna, makamaka mochita kulemba. Akakana, pitani nayo nkhaniyo kwa amene ali pamwamba pake, ngakhale ku bodi ngati kuli kofunika. Ndipo kampani yonse ikaumirira, simungapitirize kusaina, choncho pemphani khothi kuti likuloleni kusiya mlanduwo. Ngati mboni yanu yanena kale bodza polumbira ndipo inu mwadziwa, muli ndi udindo wokonza zimenezo, ngakhale kufika poulula kukhothi pamene njira zina zalephera.

Musaganize kuti mlandu ukatha pogwirizana ndiye kuti zobisikazo zakwiririka. Pa mlandu wa banja lina limene linasumira kampani yopanga matayala ya Goodyear chifukwa cha ngozi ya galimoto ku Arizona, mbali ziwirizo zinagwirizana mu 2010 mlandu utatsala pang'ono kuyamba, koma patapita miyezi loya wa banjalo anawerenga m'nyuzipepala kuti pa mlandu wina kampaniyo inatulutsa zotsatira za kuyesa tayala la mtundu wa G159, zimene iye anapempha kambirimbiri osapatsidwa. Khothi linayambiranso nkhaniyo ndipo linalamula kampaniyo pamodzi ndi maloya ake kulipira madola pafupifupi 2.7 miliyoni. Mu 2017 Khothi la Supreme linati chilango chotere chiyenera kulingana ndi ndalama zimene banjalo linawononga chifukwa cha kubisako basi, koma silinakayike kuti khothi lili ndi mphamvu yolanga. Pa chifukwa chimenechi, ngati kampani yanu ili ndi milandu ingapo pa katundu mmodzi m'makhothi osiyanasiyana, funsani maloya a milandu inayo zimene anapereka ndi kuziyerekeza ndi zanu musanasaine, ndipo musachotse lamulo losunga zikalata mpaka nthawi ya apilo itatha ndiponso mutatsimikiza kuti palibe mlandu wina umene ukufuna zikalata zomwezo.